Amuna Anga Ndiwo Sikelo Yoyezera Doko

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu,
Nthambi Yoona za Madoko, Milatho ndi Zonse Zoimirira M'madzi,
Kulikulu.

Bwana,

Ndagwada polemba kalatayi, ngakhale simukundiona. Ine ndine mayi wosesa mu ofesi yanu ya padoko, amene ndimapukuta chithunzi chanu m'mawa uliwonse ndisanagwire tsache. Simundidziwa, ndipo palibe chifukwa choti muvutike kundidziwa. Koma ine nkhope yanu ndimaidziwa kuposa ya amuna anga, poti ya amuna anga yakhala ikutha chaka ndi chaka, pamene yanu imabwera itawonjezekera pa chithunzi chilichonse chatsopano chimene amatitumizira.

Ndalemba poyera chifukwa makalata anga atatu a m'mbuyomu ndinawapeza ndekha posesa, atapindidwa bwinobwino pansi pa mwendo wa tebulo la a kalaliki. Sindikudandaula ayi. Tebulolo linkagwedera, pano silikugwederanso. Pa zinthu zonse zogwedera padoko pano, ndi lokhalo limene Nthambi yanu yakonza, ndipo ndimanyadira kuti ndinathandizapo.

Poti madoko muli nawo ambiri, ndiloleni ndikukumbutseni lathu. Ndi mlatho wamatabwa wolowa m'madzi, wa matabwa 140 oyalidwa chopingasa pa nsanamira zamitengo. Kumapeto kwake ndi kumene boti limakocheza kawiri pa tsiku. Anaumanga agogo a amuna anga asanamere ndevu. Odwala, ana a sukulu, amayi a madengu, mbuzi ndi njinga, zonse zimadutsa pamenepo, chifukwa njira ina yokafikira pa boti ndi kusambira.

Amuna anga ntchito yawo yeniyeni ndi kunyamula katundu. Koma zaka zisanu ndi zinayi zapitazo munawakweza osadziwa. Chaka chimenecho munatitumizira makina oyezera kulimba kwa doko. Anali makina okongola, olemera ngati ng'ombe ziwiri, moti atawaguzira padokopo anaboola thabwa lachisanu ndi chiwiri n'kukakhala pansi pa madzi, kumene akupumula mpaka lero. Woyendera madoko wanu, amene kuno timangowatcha a Chipewa chifukwa cha chipewa cholimba choyera chimene savula ngakhale akumwa tiyi mu ofesi, sanagwe mphwayi. Anayang'ana uku ndi uku n'kuona amuna anga. Nthawi imeneyo amuna anga anali munthu wa thupi lake, wa makilogalamu 120, moti akakhala kumapeto kwa benchi, a mbali inayo ankanyamuka osafuna. A Chipewa anati boma silingadikire makina ena pamene Mulungu wapereka kale. Kuyambira pamenepo, kamodzi pa chaka, amuna anga amayenda mpaka kumapeto kwa doko, kudumpha katatu, n'kubwerera. Akabwerera ndiye kuti doko ndi lolimba. Akapanda kubwerera, pa fomu pali kabokosi kakenso ka zimenezo. Anthu anawapatsa dzina loti a Sikelo, ndipo ngakhale kusukulu ana athu amangowatcha ana a Sikelo.

Tsopano ndiloleni ndithokoze mwadongosolo, monga ndimaonera m'makalata a m'mafayilo amene ndimakuntha fumbi.

Choyamba, ndikuthokoza chifukwa cha a Chipewa. Ndi katswiri weniweni. Pa zaka zisanu ndi zinayi zonsezi phazi lawo silinakhudzepo thabwa ngakhale limodzi la doko limene amayeza. Amaima pamtunda, pansi pa mtengo, ndi magalasi oonera patali. Amuna anga akamadumpha, iwo amatambasula mkono, kutsinzina diso limodzi, n'kuyeza ndi pensulo kuti doko lawerama bwanji. Ndinawafunsa tsiku lina, ndikuwapatsira tiyi, chifukwa chake sapitako okha kukaona pafupi. Anandilongosolera mofatsa kuti katswiri sakhudza chinthu chimene akuyeza, kuopa kukondera. Ine sukulu sindinapite nayo patali, choncho ndinangogwira pakamwa.

Chachiwiri, ndikuthokoza chifukwa cha malipoti anu, amene amanena kuti doko lathu likunka lilimbiralimbira chaka chilichonse. Alipo anthu amwano amene amati limenelo ndi bodza. Ine ndimawatsutsa. Doko likuweramadi pang'ono kusiyana ndi kale, ndipo umboni wake ndimagona nawo nyumba imodzi. Mwezi woyeza ukamayandikira, amuna anga chakudya chimawakanira pakhosi. Kuyeza kukatha, m'mimba mumatenga miyezi kuti mukhazikike, ndipo pamene ayamba kudya bwino mumakhala kuti chaka chazungulira. Pano akulemera makilogalamu 61. Buluku lawo limodzi lakale ndinasokamo masiketi awiri a ana, nsalu ina n'kutsalako. Ndiye lipoti la chaka chatha likamati doko ndi lolimba kawiri kuposa mmene linalili poyamba, ine ndimavomereza ndi mtima wonse. Tikapitiriza chonchi, pofika tsiku limene amuna anga adzatheretu, dokoli lidzakhala lotha kunyamula sitima yapamtunda.

Chachitatu ndi nsanamira. Akuluakulu amati pomanga zinalipo 48. Ine ndikamakataya madzi okolopera kugombe ndimaziwerenga, ndipo zatsala 31. Mwa zimenezi, zitatu sizifikanso pansi: zimangolendewera kudoko n'kumavina ndi mafunde, moti m'malo monyamula doko, doko ndi limene likuzinyamula. Koma lipoti lanu limati nsanamira zilipo 62. Ndinadabwa, ndipo a kalaliki anandithandiza. Akuti a Chipewa amawerenga tsiku limene madzi ali bata, ndipo amawerenganso zimene zikuoneka m'madzimo chozondoka. Zikomo kwambiri, Bwana, chifukwa chotiwonjezera nsanamira 14 popanda phokoso la hamala.

Pa nkhani yomweyi ndinafunsakonso za kuola. Nsanamira zathu pamwamba zimaoneka ngati mitengo, koma pamene zimakumana ndi madzi zinadyeka n'kutsala ngati khosi la botolo. A kalaliki anati chilichonse chimene chili pansi pa madzi si cha Nthambi yanu, ndi cha Nthambi ya Nsomba. A Nthambi ya Nsomba atalemberedwa anayankha kuti afufuza m'mabuku awo onse ndipo nsanamira si nsomba. Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake a Chipewa amabwera madzi atakwera. Madzi akakwera, zoola zonse zimasamukira kwa anzanuwo, inu n'kutsala ndi zabwino zokhazokha.

Sindiiwalanso za telala wina wa kwathu kuno, amene chaka chathachi anamira ndi makina ake osokera pa thabwa la 40. Mwamwayi asodzi anamuvuula ali moyo, ngakhale makinawo anatsatira anzawo a boma aja. Lipoti lanu linati munthuyu anatsika padoko boti lisanafike, ndipo linalangiza apaulendo kuti azikhala odekha. Bowo limene anasiya linalembedwa kuti ndi malo opitira mphepo. Mwiniwake atamuwerengera zimenezi anaseka mpaka kutsamwa.

Chachinayi, chimene ndikuthokoza koposa zonse, ndi penti.

Mwina mumadabwa kuti anthu akhala akudutsa bwanji padoko lotere osathera m'madzi. Chinsinsi chake ndi achimwene anga, amene ndi kalipentala wa padoko. Nthambi yanu inasiya kalekale kuwatumizira matabwa ndi misomali, choncho ukalipentala wawo unatsalira pa msomali umodzi wautali ndi choko chimene amapempha kwa aphunzitsi. Lolemba lililonse m'mawa amakwawa chafufumimba kuyambira thabwa loyamba mpaka lomaliza, akubaya lililonse ndi msomali uja. Pamene msomali walowa ngati mu buledi, amajambulapo mtanda. Thabwa lina limakhala ndi mtanda kumanja, ndiye mumaponda kumanzere. Lina kumanzere, ndiye mumaponda kumanja. Lina lili ndi mitanda mbali zonse, limenelo mumalilumpha. Ana athu amaphunzira mitanda imeneyi asanaphunzire kulemba maina awo. Amayi a madengu pamutu amayenda chokhotakhota ngati aledzera m'mawamawa, ndipo alendo ena anawajambulapo poganiza kuti ndi gule. Amuna anga zaka zonsezi akhala akubwerera chifukwa cha choko cha alamu awo, osati chifukwa cha nsanamira 62.

Sabata yatha kunabwera lole ya Nthambi yanu. Tinathamangira kumsewu, amayi ena mpaka nthungululu, poganiza kuti matabwa afika. Anatsitsa zitini za penti wabuluu. Pamodzi ndi zitinizo panali kalata yanu, yonena kuti mwaona zithunzi za doko lathu ndipo mitanda ija ikulichititsa kuoneka ngati manda, zomwe zikhoza kuopseza alendo. Munanena zoona, Bwana, linkaonekadi ngati manda. Kungoti mitanda imeneyo inkayamba ndiyo kufika, kuti maliro asatsatire.

Opaka penti anu ndi anthu ochenjera. Atangoliona dokolo anakana kupondapo, ndipo analipaka ali m'bwato, ndi maburashi omangirira kunsungwi. Mitanda yonse anaikwirira. Mabowo, kuphatikizapo malo opitira mphepo a telala uja, anawatseka ndi makatoni n'kupakaponso penti, kuti ntchito ioneke yamyaa. Pano doko lathu likunyezimira kuyambira kumtunda mpaka kumapeto, ndipo palibe angasiyanitse thabwa ndi katoni. Achimwene anga atatulukira ndi msomali wawo tsiku lotsatira, anawabweza. Anawauza kuti kubaya kapena kulemba pa penti watsopano ndi kuipitsa katundu wa boma. Choko chawo anawalanda, chili mu dirowa ya a kalaliki pamodzi ndi chidindo. Achimwene anga ndi munthu wosalira ngakhale pamaliro, koma tsiku limenelo anakhala pa chitini chopanda kanthu, manja ali pamutu, mpaka dzuwa linafika paliwombo.

Pakali pano doko ndi lotseka podikira kuti penti aume, ndipo anthu akukafika pa boti ndi mabwato a asodzi. Lidzatsegulidwa Lachinayi likubwerali, pa 9 koloko m'mawa, likangoyezedwa. Woyamba kupondapo ndi amuna anga.

Chachisanu. Ndikuthokoza kuti patapita zaka zonsezi, wina kulikulu wazindikira kuti a Sikelo anachepa. Nditamva kuti kwabwera kalata yokhudza zimenezi, mtima unakhala pansi. Ndinati basi, awapumitsa, mwina ayambanso kudya. Koma kalatayo, imene a kalaliki anaikhoma pachitseko, ikuti chipangizo choyezera chibwezeretsedwe pa kulemera kwake koyamba. Ndinawerenga kawiri ndisanazindikire kuti chipangizocho ndi bambo a ana anga. Lachinayi adzawamangirira matumba awiri a mchenga, lina kumsana lina pachifuwa, okwana makilogalamu 59. Kalatayo yatsindika kuti mfundo za chingwe zikhale zolimba, kuti mchenga wa boma usatayike panjira. Mchenga, Bwana. Tili pagombe. Ine ndimausesa mu ofesi yanu kawiri pa tsiku, ndipo ndikanadziwa kuti ukusowa kulikulu ndikanakusungirani.

Amuna anga sadziwa kusambira. Izi ndinauzako a kalaliki, ndipo anandiyankha kuti pa ntchito imeneyi kusambira sikufunika, poti woyeza amayenda pamwamba. Ndinapempha kuti mwina matumbawo angowanyamula pamanja osamangirira, kuti zikavuta awataye. Anati zimenezo zikufunika fomu yosintha kagwiritsidwe ntchito ka chipangizo, ndipo fomuyo imatenga miyezi itatu.

Ndikuuzeni zimene zikuchitika kunyumba kwanga, poti sizidzalembedwa mu lipoti. Dzulo masana amuna anga anatenga kamtengo n'kujambula mizere 140 pabwalo, kuyambira pakhomo la khitchini mpaka kumpanda wa aneba. Anamangirira matumba aja n'kuyamba kuyeserera, akuyesa kukumbukira pamene panali mitanda. Munthu woonda ngati ndodo ya tsache, akulumpha mizere ya pafumbi. Ana a aneba anayamba ndi kuseka, kenaka anasiya okha. Mpaka pa thabwa la 53 akukumbukira bwinobwino. Pamenepo anaima, mwendo umodzi uli m'mwamba, n'kunditembenukira.

"Mayi a ana, kodi pa 54 timaponda kumanzere kapena kumanja?"

Ine pamatabwapo ndimapondapo kamodzikamodzi. Sindinkadziwa. Koma mmene anandiyang'anira sindikanatha kunena kuti sindikudziwa, ndiye ndinati kumanzere. Anagwedeza mutu n'kuponda kumanzere. Madzulo ndinathamangira kwa achimwene anga kukafunsa, ndipo anati mitanda inkasuntha sabata iliyonse, iwo ankadalira msomali osati mutu. Chiyankhulireni mawu amenewo chakudya chikundikanira inenso, moti mukafuna sikelo yachiwiri yoonetsa kuti doko lalimba, ndilipo.

Mudzafunsa kuti bwanji osangokana. Ndinawachonderera, ndinalira, ndinawaopseza kuti ndipita kwathu. Anandiyankha mawu ochepa. Anati iwo akakana, doko lidzatsegulidwabe, ndipo oyamba kuthamangirapo adzakhala ana a sukulu okakwera boti la m'mawa, amene sanaonepo chinthu chabuluu chonyezimira chotere. Pakati pa anawo pali chitsirizira chathu, amene amathamanga osayang'ana pansi. Anati kuli bwino bowo loyamba alipeze iwo, lidzakhala lalikulu, aliyense adzaliona. Ndinakwiya nawo kwambiri, Bwana, ndipo ndikadali wokwiya, chifukwa ananena zoona.

Chachisanu ndi chimodzi, chomaliza, ndi chimene chandilimbitsa mtima kuti ndilembe. Lero m'mawa, ndikupukuta tebulo la a kalaliki, ndinaona lipoti la kuyeza kwa Lachinayi likubwerali. Ndi lotayipa kale, lodinda kale, ndipo pansi pake pali siginecha yanu yokongola ija, yokhala ndi mchira wopita m'mwamba. Likunena kuti doko linayezedwa ndipo linapezeka lolimba kwambiri, kuti nyengo inali yabwino, ndiponso kuti chipangizo chinabwerera chili bwinobwino. Ndinakhala pansi ndi chopukutira changa m'manja. Ena amati kulikulu kulibe anthu oona patali. Inu mwaona Lachinayi muli pa Lolemba, popanda ngakhale magalasi a a Chipewa. Ndinakopera mawuwo pa kapepala n'kukawawerengera amuna anga kuti mtima ukhale m'malo. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anabwerera ku mizere yawo.

Ndiye Bwana, ndafika pa pempho langa, ndipo ndikulipereka ndi manja awiri.

Ine ndakhala zaka zambiri ndi munthu wa makilogalamu 120. Ndinkamuchapira, ndinkamusokera, ndinkadziwa mmene bedi limalirira akamatembenuka. Makilogalamu 120 ndimawazindikira ndi maso, sindifuna sikelo. Chithunzi chanu chatsopano chitafika mwezi watha, chija mwaima pafupi ndi galimoto, ndinachiyang'anitsitsa popukuta ndipo misozi inalengeza, chifukwa ndinaona amuna anga a kale. Bwana, mwakwanira ndendende. Mwina mwapyolako ndi awiri kapena atatu, koma amenewo tikhoza kuwachotsa mukavula jekete ndi nsapato. Zikundimvetsa chisoni kuti boma likuvutika ndi matumba, zingwe ndi mfundo, kukonza chipangizo chakutha, pamene chipangizo chenicheni, chosamalidwa bwino, chakhala chili pa mpando kulikulu zaka zonsezi.

Chonde bwerani Lachinayi pa 9 koloko mudzaliyeze nokha doko lanu. Inu simudzafunika mchenga, choncho palibe katundu wa boma amene angatayike. Palibenso choopa, poti mwasaina kale ndi dzanja lanu kuti doko ndi lolimba, nyengo ndi yabwino, ndipo woyeza anabwerera. Mitanda ija inkakuipirani inachotsedwa, ndiye mudzayenda mowongoka ngati bwana, osati chokhotakhota ngati ife. Mukafika kumapeto mudzadumphe katatu basi. A Chipewa adzakuonererani pansi pa mtengo wawo ndi pensulo m'manja, a kalaliki adzakhala ndi fomu ija ya mabokosi awiri, ndipo a Nthambi ya Nsomba ndawalembera kale kuti akhale tcheru, mwina pangakhale chinthu chosamukira kwa iwo. Ana a sukulu tidzawagwira manja mpaka mutabwerera.

Amuna anga adzakugwirirani jekete. Ndi munthu wopanda mangawa, ndipo wavomera kuti adzaima pagombe n'kumakufuulirani poponda, thabwa ndi thabwa, mpaka pa 53. Kuchokera pamenepo mudzayendera lipoti lanu. Koma poti mwatichitira zambiri, sindingakusiyeni chimanjamanja, ndikupatsani malangizo omwewo amene ndinapatsa bambo a ana anga. Pa thabwa la 54 mudzaponde kumanzere.

Ndikuganiza kuti ndi kumanzere.

Ine wantchito wanu wotsikitsitsa, amene ndidzapitiriza kupukuta chithunzi chanu m'mawa uliwonse, kaya Lachinayi litha bwanji,

Mkazi wa a Sikelo,
Wosesa mu ofesi ya padoko.